Masiku a Mayi Jesinta m'timachubu

Mayi Jesinta ankagulitsa zinthu za tsiku limodzi. Pa okala yawo ku Bangwe munthu ankapeza mafuta ophikira a m'kachubu, shuga wa tiyi wa m'mawa umodzi, sopo woduladula ndi mchere wongokwanira ndiwo zamadzulo. Chichokereni ku Nsanje ali mtsikana, zala zawo zinazolowera kumanga mfundo pakamwa pa kapulasitiki. Amuna awo, a Gregorio, amene anapuma ntchito ya njanji ku Limbe, ankati mayiwa akhoza kumanga ngakhale utsi.

Chaka chimene mafuta a galimoto anasowa m'tauni, mwana wawo Anastasia anaimba foni kuchokera ku Joni. Anali woyembekezera, ndipo ankafuna mayi ake akakhale naye miyezi ingapo. Mayi Jesinta anavomera, koma chinthu chimodzi chinawakhala pamtima. Kumeneko akakhala m'nyumba ya mkamwini wawo Obed, ndipo mpongozi satambasulira mkamwini dzanja. Bola kubwerako msanga kusiyana ndi kumupempha ya sopo.

Tsono anakasinthitsa ndalama kwa anyamata a ku Limbe, nawaumiriza kuti awapatse marandi ang'onoang'ono. Masana makasitomala akachepa, ankakhala kuseri kwa okala, kupinda ndalama ya tsiku limodzi, kuilowetsa m'kachubu n'kumanga. Akamamanga, tsikulo ankaliona. Aka n'ka tsiku lofika, misewu itakwerana m'mwamba. Aka n'ka tsiku lozizira, iwo ali pawindo atafunda bulangete, akumwa tiyi wa ndalama yawo. Aka n'ka Lamulungu, chopereka cha ku Misa m'tchalitchi chimene anali asanachione, koma belu lake ankalimva kale. Phiri la Bangwe linkasanduka nyumba zosanjikizana, nkhungu n'kukhala utsi wa sitima. Wogula machesi ankachita kugogoda pathabwa kuti mayiwa abwerere ku Bangwe.

Tsiku lina anadzerapo Aziza, mnzawo wa ku Mbayani amene ankakaoda mabulangete ku Joni. Anasuzumira m'beseni momwe munali timachubu ta ndalama tija.

"Asisi, izi n'chiyaninso? Mwayamba kugulitsa marandi a m'chubu?"

"Ndi masiku anga amenewo. Kachubu kamodzi, tsiku limodzi."

Aziza anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Mayo ine! Kumene amakhala Anastasia kulibe okala, asisi. Mashopu ake ndi aakulu ngati tchalitchi cha ku Limbe. Mafuta ndi botolo lonse, shuga ndi paketi yonse. Mukakati ndipimireni wa tiyi, akakuitanirani alonda."

"Nanga osauka amadya bwanji?"

"Amadikira mwezi uthe."

Aziza atapita, Mayi Jesinta anayang'ana m'beseni. Masiku onse aja anali mbwee, koma panalibe limodzi lomwe likanagula kanthu palokha.

"Obed ndi mwana wabwino," anatero a Gregorio. "Adzakusamalirani."

"N'chifukwa chake sindikufuna kumuona akupisa m'thumba chifukwa cha ine."

M'mawa mwake anamasula mfundo zonse ndi mano. Ndalama anazimangirira pamodzi m'chiuno, ndipo m'chikwama, pansi pa zitenje, anaikamo mpukutu wa timachubu tatsopano ndi kasupuni kawo kopimira.

Ku Joni anapeza kuti nyumba za lendi zozungulira Anastasia zinali zodzaza Amalawi, ena a ku Mangochi, ena a ku Mzimba, osamalira maluwa ndi osoka zovala. Anagula botolo lalikulu la mafuta ndi paketi ya shuga, nakhala pakhonde. Woyamba kugula anali bambo wina wa ku Ndirande. Anakweza kachubu kake padzuwa n'kukayang'ana nthawi yaitali.

Mwana anabadwa, mchombo unagwa, chisanu chinatha. Sopo wawo ndi chopereka cha ku Misa Mayi Jesinta ankazipeza okha, ndipo za kubwerera msanga sanaziganizenso. Madzulo ankabereka mdzukulu n'kumaonera ndege zikudutsa pamwamba pa madenga, mwakachetechete ngati nsomba m'madzi a Shire.

Chakumapeto kwa mwezi wina ntchito ya Obed inaima. Mkamwiniyo ananjuta patali, chipewa m'manja, maso pansi, nalankhula kwa mkazi wake ngakhale apongozi ake anali pomwepo.

"Mayi a mwana, tawafunsani amayi ngati angatipatseko shuga wa lero."

Mayi Jesinta anatembenuzira nkhope kukhoma, monga mwa ulemu wake, nayamba kupima, supuni yodzaza mpaka kutayikira.