Diso la Makina a Atate

Chovala cha makina a kanema chija ndimachionabe m'maso mwanga: thumba la thonje lochapidwa mpaka kuyera, losokedwa ndi ulusi wofiira m'mphepete. Anasoka ndi amayi, ndi mtima wabwino ndithu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Atate anali mkamwini m'mudzi wa amayi, kuseri kwa Sinda. Munda womwe ankalima unali wa amalume, nyumba inali pamalo a amalume, ngakhale ife ana tinali mbumba ya amalume. Chawochawo chinali makina aja basi, omwe anabwera nawo kuchokera ku migodi atawachotsa ntchito. Loweruka masana aphunzitsi ankawabwereka kalasi, mazenera n'kutsekedwa ndi masaka, jenereta n'kumalira panja. Wofuna kulowa ankabwera ndi mbale ya nsawa kapena ya chimanga. Tsiku limenelo lokha ndi pomwe anthu ankawapatsa moni atate ndi manja awiri.

Chaka chimenecho Okutobala anatentha koopsa, fumbi mpaka m'mano. Atate ankadandaula kuti fumbi likudya makina, ndiye amayi anasoka chovala chija. Loweruka lina kanema ali m'kati, atate anatuluka kukaona jenereta yomwe inkatsokomola. Amayi ataona fumbi likuvina m'kuwala kwa makina, anadzuka n'kuwaveka chovalacho, kusiya diso lake lagalasi lokha panja. Akanadziwa bwanji kuti timabowo ta m'mbali tija ndi mopumira? Kwathu chomwe ukuchikonda umachifunditsa.

Ndimakumbukira fungo lake, ngati nsapato ya pulasitiki yagwera pamoto. Malata ankaotcha pamutu, tonse tili thukuta kamukamu. Kenako nkhope za anthu pakhoma zinayamba kusungunuka. Atate analowa chothamanga, anakoka chovalacho mpaka kupsa zala.

M'mawa mwake anandionetsa diso lija padzuwa. Magalasi awiri omatana m'kati anali atamatuka, ulimbo wake utasanduka wachikasu ngati diso la ng'ombe yodwala. Anayesa zonse. Ankapotokola mphete ya disolo uku ndi uku: pakati pakaoneka bwino, m'mbali mumachita chifunga, m'mbali mukaoneka, pakati n'kutayika. Anapukuta ndi sipiriti, ndi mpango, ngakhale ndi mate. Vuto linali m'kati, mosafika chala.

Anthu akwathu sachedwa kuseka. "Kanema wa mizukwa," ankatero, ena n'kumafuna nsawa zawo. Loweruka lachitatu munalowa anthu asanu okha. Aphunzitsi anati kalasiyo ikufunidwa ndi a kwaya. Amalume atafunsa pagulu kuti waononga ndani, atate anati, "Ndine, ndinawasiya akuyaka nthawi yaitali." Amayi anangowerama. Mpaka lero zimandipweteka kuti nanenso ndinaona zonse koma ndinangoti duu.

"Ndiye mwatsala ndi chiyani pano, alamu?" anatero amalume.

Mawu amenewo sanachoke m'nyumba mwathu. Atate anasiya kudya ndi amuna anzawo. Ankakhala kuseri kwa nkhokwe akupotokola mphete ija, makina osayatsa n'komwe. Amayi akawapititsira madzi akumwa, onse awiri ankayang'ana kumbali.

Mvula isanagwe anati akupita ku Lusaka kukafuna diso lina. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu waukulu ndikudumphadumpha, ndikuwauza kuti abwere ndi kanema wa nkhonya. Anandigwira mutu nthawi yaitali, minibasi ikuliza hutala. Amayi anakana kutuluka m'nyumba, ine n'kumawakwiyira kuti akuchita mwano.

Ndinadikira dzinja lonse. Basi iliyonse ikaima ndinkathamangira kumsewu, ndipo anzanga akamandiseka ndinkawauza kuti magalasi otere ndi osowa. Sanabwerenso. Katundu wawo ndinawathandiza kumanga ndine, ndi manja angawa, koma sindinkadziwa kuti munthu wopita kukagula galasi satenga khasu, nkhwangwa ndi bulangete lake.