Kuwotcherera Dzuwa Lili Paliwombo

Nkhaniyi ndalembera inu amene mwayesetsa, koma simukumvetsa chimene chikulakwika.

Gordon Jere anabwerera kwawo, kufupi ndi Manyamula, atathamangitsidwa ku Joni chifukwa chosowa mapepala. Kumeneko anawotcherera zitsulo za eni ake kwa zaka zisanu ndi chimodzi, koma anatsika basi pa Mzimba boma atavala patapata. Anzake amene anapita nawo anali atamanga nyumba za malata. Iye, chifukwa cha manyazi, ankazemba ngakhale kumaliro.

Chaka chomwecho boma linaika magetsi a dzuwa pa kamsika ka kwawo. Mawaya anafika kuchipatala, kuchigayo ndi m'magolosale. Mlamu wake anamupatsa makina akale owotcherera, ndipo Gordon anayamba kuona kuwala.

Tsiku loyamba analawirira m'mamawa, pakuti kwawo ntchito yolemetsa imagwiridwa kusanatenthe. Atangokhudzitsa moto pa chitsulo cha ngolo, magetsi anathima msika wonse. Tsiku lachiwiri zinachitikanso. Lachitatu kunabwera mayi Mavis, ogulitsa mkaka wa m'furiji.

"Adada a ku Joni, katundu amene munatitengera ndi mdima?" anatero mayiwo. "Mkaka wanga wasasa chomene!"

Gordon anamasula makinawo, osapeza vuto. Anasintha mawaya, koma sizinathandize. Tsiku lina anayesa masana, zinatheka. M'mawa mwake zinakanikanso. Mutu unaima. Mwina makinawo anali okalamba. Mwina wina anamuchita chipongwe. Mwina manja ake ndiwo anali atsoka. Sanadziwe choti akhulupirire.

Komiti ya pamsika inamuchenjeza kuti akathimitsanso, amudulira magetsi. Sabata lomwelo galimoto lotenga anthu kupita ku Joni kudzera njira zozemba linali loti linyamuka Lachisanu. Gordon analembetsa dzina.

Mkazi wake Marjory sanalire. Anangoti, "Pitani. Koma mukadzabwera, mwana uyu adzakuitanani kuti asibweni, chifukwa sadzadziwa kuti ndinu bambo wake."

Lachinayi Gordon anadzichepetsa. Anapita kwa Linily, mtsikana wochokera ku Dedza amene ankayang'anira magetsiwo, n'kumufotokozera zonse akuyang'ana pansi.

"Achimwene, mumawotcherera nthawi yanji?" anafunsa Linily.

"Faifi koloko m'mawa. Ine si waulesi."

Linily anaseka mpaka kugwira chitseko. "Nthawi imeneyo mabatire amakhala atatheratu, chifukwa achezera kudyetsa furiji ya mankhwala kuchipatala. Inu mukumanga ng'ombe yanjala pangolo. Yambani dzuwa likafika paliwombo. Apo magetsi amachita kutsala."

"Masana? Nthawi yopuma? Mbwenu anthu adzati ndapenga."

"Anena kale zambiri. Chimodzi chowonjezera sichikuphani."

Gordon anachoka asanakhutire. Zinali zovuta kuvomereza kuti khama lenilenilo, limene makolo ake anamuphunzitsa, ndilo linkamugwetsa.

Lachisanu galimoto linaima pamsika, likuliza hutala. Gordon anali pamsasa wake, chikwama chili pambali, chitsulo cha ngolo chili patsogolo. Anapempha woyendetsa kuti amudikire pang'ono. Dzuwa lili paliwombo, anayatsa makina. Moto unathetheka. Chigayo chinapitiriza kulira. Anawotcherera chitsulo chonse mpaka kumapeto, ndipo palibe babu limene linaphethira.

Anakweza dzanja, nati kwa woyendetsa, "Yewo, adada. Muyende bwino."

Lero ngolo, mapulawo ndi mafelemu a zitseko, zimene kale zinkapita ku Mzimba boma pa njinga, zimakonzedwa pamsika pomwepo. Alimi amabwera nazo akaweruka kumunda, nthawi yomwe magetsi ali ndi mphamvu. Amuna awiri amene anabwezedwanso ku Joni akugwira naye ntchito. Dziko likamanga magetsi akeake, ochokera ku dzuwa limene silifuna ndalama zakunja, luso limene likadathawira kwa eni limatsala pakhomo, ndipo ana amakula akuona abambo awo.

Gordon savomera kuti anamvetsa zonse. "Thupi limandidzutsabe m'mamawa," amatero. "Ndimangokhala pakhonde ngati buluzi, kudikira abwana anga a dzuwa atuluke."

Inunso mwina simunalakwitse ntchito, mwangolakwitsa nthawi yake. Musanamange katundu, pitani mukafunse amene akudziwa, ngakhale manyazi akulemereni. Musafooke, abale anga. Osataya mtima dzuwa lisanafike paliwombo.