Chitsulo cha ku Mwalawoyera

Inu obadwa nkhondo itatha mumangodziwa lokalidade ya Mpanje, likulu la boma la midzi ino. Kale likulu linali kwathu ku Mwalawoyera, kumwera kwa Cobue. A ku Mpanje ankabwera wapansi kudzalembetsa ana awo, ndipo pamsonkhano ankakhala kumbuyo.

Ofesi tinalibe. Tinali ndi mtengo wa mango, tebulo, ndi chitsulo cha gudumu la lole chopachikidwa panthambi. Ankachimenya ndi atsibweni anga okha, a Barnaba, amene anali sekeretaryo, mlembi wa dera lathu. Chikalira, midzi yonse ya m'gombe inkabwera.

Tsiku limene nkhondo inatifikira ndinali kutembenuza usipa pathandala. Dzuwa linali litangokwera. Chitsulo chinalira mosalekeza, osati monga cha msonkhano. Kenako mfuti zinamveka kunjira yotsika kuphiri.

Amayi ananyamula mtsuko uli ndi madzi ake. Mlongo wanga anathamanga nsapato imodzi ili m'manja.

Atsibweni anadula chingwe, nagubuduza chitsulo mpaka kugombe. Ine ndinawathandiza kuchimiza m'kadziwe ka miyala momwe azimayi ankaviikamo chinangwa. Tinachiphimba ndi chinangwa chomwecho. Msuweni wanga Aluberto wa ku Mpanje anali chiimire poteropo, akutiyang'ana. Sanagwireko.

"Kwera ngalawa, mphwanga," anatero atsibweni. "Ine ndikatenge a Yohana, paja sayenda."

Ngalawa inadzaza mpaka madzi kufika pamlomo. Mwera unali utayamba. Ndinakapa madzi ndi mbale ya amayi njira yonse. Kumbuyo kwathu utsi unakwera pamalo pamene panali mathandala.

Tinafika ku Likoma dzuwa lili pamutu. Azimayi a kutchalitchi anatipatsa phala. Ngalawa iliyonse yofika ndinkaithamangira. Atsibweni ndi a Yohana sanatsike mu iliyonse.

A ku Mpanje analibe ngalawa zokwana, choncho anayenda wapansi mpaka ku Metangula, nakhala pafupi ndi asilikali apanyanja. Mtendere utabwera iwo anabwerera msanga. Ife tinachedwa. Aluberto anakavuula chitsulo chija, nachipachika kwawo. Akuluakulu a boma pobwera kudzaona amene abwerera anapeza anthu ndi chitsulo ku Mpanje, nalemba kuti likulu ndi pomwepo.

Lero sukulu yamalata ili ku Mpanje. Mjigo uli ku Mpanje. Adzukulu anga amayenda njira imene makolo a Aluberto ankayenda kubwera kwathu, ndipo pamsonkhano wokhala kumbuyo ndine. Aluberto amamenya chitsulocho atavala jekete. Amauza ana asukulu kuti m'mawa uja anachenjeza anthu ndi iyeyo. Mdzukulu wanga anandifotokozera zimenezi monyadira.

Ndinamulondola Aluberto kwawo. Anandiseka.

"Asuweni, inu munali kudya mpunga ku Likoma. Mukanabwera msanga."

Mpunga sindinauone ku Likoma.

Ndalemba madandaulo kangapo, ndipo kalata iliyonse ili ndi inzake m'chitini changa, pamodzi ndi khadi la othawa nkhondo. Yankho silinabwere. Sukuluyo ndimaisirira, sindibisa, koma sindikuti muisamutse. Ndikupempha mwaulemu akuluakulu amene nkhaniyi ikuwakhudza kuti andiyankhe polemba: analamula ndani kuti lokalidade ya Mwalawoyera ithe, ndipo ana adzauzidwa liti kuti amene anamenya chitsulo m'mawa uja, natsala kumtunda, anali a Barnaba.