Nsapato za a Liao

M'mawa uliwonse, asanatsike pabedi, a Liao Jinshui ankagunditsa mano awo, go go go, kenako n'kumeza malovu pang'onopang'ono. Ankati ndi mmene ansembe a chipembedzo cha Dao anawaphunzitsira kusunga mphamvu m'thupi. Mpongozi wawo Yuxia ankawamva kuseri kwa khoma akuyamwitsa mwana, n'kudziwa kuti m'nyumba mwacha bwino.

Kale a Liao ankalima tiyi. Akazi awo atamwalira anayamba kukwera kukachisi wa paphiri, komwe ankaimba ng'oma nkhalamba zinzawo zikamaimba mapemphero. Akatha, ankaongola miyendo pabwalo, kudyera limodzi phala la mpunga, kunyozana, n'kutsika akumwetulira.

Tsiku lina mvula itagwa anaterereka pamasitepe, nang'ambika pachipumi. Mwana wawo Wenlong, yemwe amayendetsa lole kutali, anakalipira mkazi wake pafoni: "Asakwerenso! Akagwanso, mlandu ndi wako."

Yuxia analibe mtima woletsa munthu wamkulu pamaso. Anangotenga nsapato zawo zansalu n'kuzibisa pansi pa thumba la mpunga.

A Liao sanafunse. Anangokhala pampando kuyang'ana phiri. Phala ankalisiya theka. Masana tulo. Tsiku lina anaitana mdzukulu ndi dzina la galu amene anafa kalekale. Kenako m'mawa wina Yuxia anatchera khutu kukhoma, koma kunali zii. Anathamangira kuchipinda kwawo. Anawapeza ali maso, akuyang'ana kudenga.

Masana ake anatulukira mayi Pang, amene amatsogolera mapemphero, ali wefuwefu.

"Jinshui, wafa kodi? Utiuze, tikonze nyimbo zake. Ng'oma tam'patsa Deming, akumenya ngati akupha mphemvu."

"Gonthi ameneyo?" A Liao anadzuka pampando. "Bwanji osangopatsa mbuzi?"

"Mbuzi yakana. Yati mwini wake alipo."

Yuxia anali asanawamve akukweza mawu chivulalireni. Anayankhula chapansipansi: "Bambo, aja anati musakwerenso."

"Wenlong ndi woyendetsa lole. Tifunse eni phiri."

A Liao anapita paguwa la m'nyumba, nayatsa lubani, natenga timitengo tiwiri tofiira toombezera, tokhota ngati mwezi. Kamodzi kakagada kena n'kuvundikira, mulungu wavomera. Tonse tikavundikira, wakana. Yuxia sanadziwe choti apemphe. Akakwera, mwina agwa. Akakhala, akutha iye akuona.

Timitengo tinagwa, tonse chagada.

"Ee! Akuseka," anatero mayi Pang. "Sanavomere, sanakane."

"Akuseka munthu amene amasunga nsapato ndi mpunga," anatero a Liao, osatembenuka.

Nkhope ya Yuxia inatentha. Anakatenga nsapato zija, n'kuzikuntha fumbi la mpunga. Anagwada n'kuwaveka. Anabereka mwana.

"Ndikwera nanu, Bambo. Tsiku lililonse. Koma mvula ikagwa, ayi."

"Wamva, Pang? Amayankhula mwanayu."

Masitepe anali atauma, koma m'mbali munali ndere. A Liao anaponda loyamba, bondo linagwedezeka, Yuxia anawagwira chigongono. Sanachotse dzanja lake. Ali chapakati, foni inalira m'thumba la Yuxia. Anayang'ana dzina: anali mwamuna wake.

A Liao anapuma kaye, natambasula dzanja.

"Ndi iyeyo eti? Bweretsa kuno, mwana wanga. Ndiyankhule naye ndekha."