Nsalu Ziwiri za Bokosi la Bambo

Tsiku loika maliro a bambo ndinadzuka kusanache. Amayi amene anachezera kuimba anali atagona paliponse m'kanyumba kathu ka ku Barking, ena mpaka pamasitepe. Kunja kunali kamvula kowaza kosatha kaja. Alamu anga ankalimbana ndi mbaula pansi pa tenti, utsi ukulowera kwa aneba, ine ndikuopa kuti atiitanira apolisi.

Bambo anga anali mlimi wa mtedza ku Mchinji. Alimi anzawo ndiwo anawakankhira ku Nyumba ya Malamulo, koma sanakhalitseko. Atafunsa za feteleza, chipani chawo chinawachotsa. Analowa china, nachonso chinawataya pachisankho chotsatira. Atabwera kuno kwa azungu kudzalandira mankhwala anapeza kadimba ka lendi pafupi ndi njanji, ndipo ukawatchula kuti Olemekezeka ankangonyamuka n'kutuluka panja.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena akadali mu yunifolomu ya kuchipatala. Kenako kunabwera azibambo a masuti ochokera ku Croydon, atanyamula nsalu ya chipani choyamba chija yofunditsa bokosi. Ndisanawayankhe, a chipani chachiwiri analowa ndi yawo.

"Sisi, inu ndinu first born," anatero mmodzi. "Panga... pangani decide, hearse ikudikira."

Mutu unandibalalika. Anthu awa anali kuti bambo akudwala? Komabe kuwakana pamaliro ndinkaona ngati ndikuchititsa manyazi malemu, n'kufufuta zaka zimene anavutikira anthu akwathu. Ndinalandira zonse ziwiri n'kuzikwapatira, ndikuti ndisankha kutsogolo.

Mdipiti wathu unkaduka pamaloboti aliwonse. Kumanda kunalibe adzukulu, dzenje anakumbiratu ndi makina. Masuti aja ankangondiyang'ana m'khwapa. Ndili m'kati moganiza, abusa anapereka chizindikiro, zingwe zinayamba kutsika. Bokosi linapita losafunditsidwa, nsalu zonse ziwiri zikadali m'khwapa mwanga.

Pothira dothi, mzungu wina wokalamba wa magambutsi anandipatsa kandowa. Anati ndi dothi la m'dimba la bambo, ankalima moyandikana. Anafunsanso kuti anthu onsewa n'chiyani, kodi mnzakeyo anali ndani kwawo? Ndinangotapa dothilo n'kuthira.

Madzulo anthu atabalalika nyumba inangoti zii. Nsalu zija zinali pampando, zonyowa, palibe anakumbuka kutenga yake. Mwana wanga anandifunsa m'Chingerezi ngati agogo ake anali munthu wamkulu. Ndinayang'ana pawindo pamene bambo anasiya nthanga za maungu zikuuma pambale.

Ndinamuuza kuti mawa tilawirire, kudimba kwamera thengo.