Amayi Ankandithowa ndi Madzi Otentha

Chinayamba ndi diso lakumanzere. Munali mu Okutobala, patatha zaka zitatu dziko lili pa ufulu, ine ndili pasukulu ku Milange. Ndinayang'ana pabolodi n'kuona ngati wina wapakapo phulusa. Ndikatembenuza diso, linkapweteka chakumbuyo. Aphunzitsi anati ndikhale kutsogolo. Ndinakhala kutsogolo, osaonabe, ndipo mayeso atandikanika ndinasiya sukulu. Patapita masabata angapo diso linayera lokha. Apa ndiye panagona tsoka langa: matenda ochoka okha palibe amene amawakhulupirira.

Chaka chotsatira inali miyendo. Dzanzi linayambira kuzala n'kukwera mpaka m'chiuno, ndipo ndinkayenda dzandidzandi. Masiku amenewo mudzi wonse unkalima munda umodzi wa onse, ndipo mlembi wa m'mudzi, amene tinkamutcha sekeretariyu, iye n'kumatitcha ife kamarada, kutanthauza mnzanga, ankaonetsetsa kuti aliyense wagwira khasu. M'mawa kukuzizira ndinkalima ngati anzanga. Dzuwa likafika paliwombo miyendo inkapindika, ine pansi khu.

"Kamarada, ulesi wakowu umadziwa nthawi," anatero sekeretariyu anthu onse akumva. "Kapena ndi kachasu wadzulo?" Anthu anaseka. Mowa sindinkamwa. Ndinamutukwana. Iye anangoti anthu osafuna ntchito boma lili nako kowatumiza, ndipo mawu amenewo anandikhala m'mutu.

Amayi ankandikhulupirira, ndipo anachita zimene mayi aliyense kwathu amachita: kuthowa. Madzulo ankawiritsa madzi, n'kuviikamo nsalu, n'kumandidinda nayo m'miyendo. Masiku ena ankandifunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba a bulugama kuti nthunzi indilowe. Potuluka m'menemo sindinkatha n'kuima komwe, diso lija n'kuchitanso chifunga. Amayi ankati, "Ndiye kuti mankhwala akulimbana nawo. Pirira, mwanawe." Mawa lake ankaonjezera nkhuni.

Kenako kunabwera china choipa kuposa miyendo. Ndinaleka kutuluka m'nyumba. Kusamba ndinaleka, ku Misa ndinaleka. Chakudya chinkangomveka ngati utuchi. Ndikadzuka, choyamba chinali kudzitsina zala zakumapazi kuti ndione ngati zikumva, mtima ukugunda ngati ndathamanga. Njinga ikaima pabwalo ndinkati abwera kudzanditenga. Choopsa koposa n'chakuti ndinayamba kuwakhulupirira anthu aja. Munthu wodwaladi amalima bwanji m'mawa? Mwina ndinedi waulesi, ndinkatero. Tsiku lina ndinauza amayi kuti bola nditafa, iwo apumule kutema nkhuni. Ndinanena maso ali gwa, ngati ndikupempha mchere.

Amayi anadzuka pomwepo. Anatuluka n'kukaitana mlongo wawo, atsibweni anga, amene ankanyamula katundu panjinga kupita kumalire, ku Muloza. Atsibweniwo sananyengerere. "Dzuka, mphwanga. Ndanyamulapo matumba a chimanga olemera kuposa iwe, ndipo sankandiyankha." Anandikweza pakaliyala mpaka kuchipatala cha kwathu. Kumeneko anandiyeza malungo, osawapeza, n'kunena moona mtima kuti izi zawaposa, ndipite kuchipatala chachikulu ku Kelimane.

Tinadikira lole masiku angapo. Ku Kelimane kunkatentha ngati m'ng'anjo, ndipo ndinafika monyamulidwa. Moyo wa muwodi unali umodzimodzi: m'mawa kuyezedwa kutentha kwa thupi, phala, kenako kudikira. Ndinkayang'ana kudenga n'kumaganiza kuti nawonso akapanda kupeza kanthu, ndikabwerera kumudzi ndi nkhope yanji.

Dotolo amene anandiona anali mayi wochokera kunja, wa Chipwitikizi chothyokathyoka. Anandigogoda mawondo ndi kanyundo, anandikanda kuphazi ndi kiyi, anandiunika m'diso. Kenako anafunsa funso limene panalibe anandifunsapo: kodi zimakula nthawi yanji? Ndinati masana, ndiponso amayi akandithowa. Anandifunsa kuti kuthowa n'chiyani. Nditafotokoza, analamula kuti adzaze bafa ndi madzi otentha. Anandilowetsamo. Posakhalitsa diso linachita mdima, dzanja likukanika kufumbata. Atandithira madzi ozizira, zinayamba kubwerera mwakale.

Anati zizindikiro zonse zikuloza matenda otchedwa esikelerozi mutipula. Ndi matenda a mitsempha ya muubongo ndi mumsana, osowa kwathu kuno. "Amabwera n'kupita," anatero. "Kutentha kumadzutsa zizindikiro zake, koma sikuonjezera matendawo. Sindikulonjeza kuti adzatha. Koma suli waulesi." Anandipatsa mapiritsi ochepetsa mphamvu ya matenda akabuka, ndipo miyendo inayamba kumva pang'onopang'ono.

Ndinkayesa kuti ndisangalala. Sindinasangalale. Dzina la matenda ndinali nalo, koma mbale yanga inkabwererabe yodzaza. Amene anaona zimenezi ndi namwino wina wachibambo, wachikulire, wosalankhulalankhula. Anakhala pabedi langa n'kuti, "Za miyendo tamva. Nanga iwe?" Ndinamuuza kuti asanditayitse nthawi. Sanachoke. Mapeto ake ndinamuuza zonse, ndi mawu aja ndinauza amayi. Iye anakauza dotolo, ndipo dotolo anati awa ndi matenda achiwiri, a maganizo, amene amakonda kutsagana ndi oyambawo. Anati amenewa ndiye amachizika.

Anandipatsa timapiritsi tina. Tinkaumitsa kukamwa, tinkandigonetsa tulo, ndipo kwa masabata angapo sindinaone kusintha kulikonse. Ndinafuna kutitaya. Namwino uja ankaimirira mpaka nditameza, ndipo m'mawa kusanatenthe ankandiyendetsa pakhonde. Tsiku lina ndinapezeka ndikukangana ndi wodwala mnzanga chifukwa anandidyera nthochi. Namwino anaseka nati, "Wayamba kumenyera chakudya, basi ukhala."

Nditabwerera kumudzi ndinauza amayi za madzi otentha. Anagwira pakamwa. "Ndiye ine ndinkakuphika, mwana wanga?" Ndinawauza zimene dotolo ananena, kuti madziwo sanaonjezere matenda, koma misozi inali itayamba kale. Atsibweni ndiwo anati, "Munamuphikadi, achemwali, koma ndi nyemba zouma uyu, sanapse." Amayi anaseka akulira. Sekeretariyu ndinamuuza dzina la matendawo. Linamukanika kutchula, koma sanandikakamizenso kulima masana.

Lero ndimamata matayala a njinga pansi pa mtengo wa mango, pamsewu wopita kumalire. Ndimayamba m'mamawa, dzuwa likakula ndimatseka. Ndimasamba madzi ozizira ngakhale mu Juni. Mwendo wakumanja umakoka, ndipo ndimayenda ndi ndodo. Matenda a mitsempha anabukanso, ndipo ndikudziwa kuti adzabukanso. Mantha sanathe. Sukulu inandipita, ndipo mkwiyo wa zimenezo ndikadali nawo. Koma ndimadya, ndimasamba, ndipo mdima uja wa maganizo ukayamba kuyandikira ndimauza atsibweni tsiku lomwelo.

Sindine munthu wa malangizo, koma imvani izi. Diso likachita chifunga kapena mwendo ukachita dzanzi, pitani kuchipatala ngakhale zitachoka zokha, ndipo mukanene nthawi imene zimakula. Ndipo wachibale wanu akaleka kusamba, akaleka kudya, akayamba kunena kuti bola kufa, musamukalipire, musati akudzichititsa. Amenewo ndi matenda. Musadikire kuti apemphe yekha thandizo. Ine sindikanapempha.