Kumbuyo kwa Batani

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi m'chaka chija cha Chitaganya chimene anthu ankagwidwa ngati nkhuku. Bambo anga, amene ankanyamula katundu pa siteshoni ya sitima ku Limbe, anawatenga m'mawa wina atavala jekete lawo la khaki la mabatani a mkuwa. Tinangomva kuti ogwidwa amapita nawo kundende ya ku Kanjedza. Kupitirira apo panalibe wodziwa.

Patapita masiku, kwathu ku Bangwe kunafika mayi wina wogulitsa nkhuni. Anati pamsewu wa ku Chichiri munthu wa jekete la khaki anagwa m'lole yonyamula ogwidwa, ndipo anamunyamula osagwedezeka n'komwe. Nkhope sanaione. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake n'kutulutsa batani limene anatola pamene panali magazi.

Azakhali anga, amene misozi yawo sinkachedwa, anayamba kubuma pomwepo. Anansi anayamba kutulutsa mipando m'nyumba monga timachitira pamaliro. Ine mantha anandigwira, pakuti mabatani a bambo ndinkawakwecha ndine ndi phulusa Loweruka lililonse kuti akawale kutchalitchi, ndipo ili linali lomwelo ndithu.

Amayi okha sanalire.

"Siyani mipando yanga," anatero.

Anandigwira dzanja, ulendo wapansi mpaka ku Limbe, kwa Che Jafali, telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye. Iwowo ankapemphera Lachisanu, bambo Lamulungu, koma anali mabwenzi a ponda apa m'pondepo, ndipo jeketelo anasoka ndi iwo.

Atamva nkhaniyo, Che Jafali analeka kupalasa makina. Batanilo kumaso sanaliyang'ane n'komwe. Analitembenuza, n'kulipaka malovu, n'kulipukuta ndi chala chachikulu.

"Kumaso mabatani onse ndi apachibale, mayi. Wopanga amadzitchula kumbuyo. Tawerenga apa, iwe wa kusukulu."

Panali timalemba tozungulira kamphete kosokerapo, ndi kanyenyezi pamapeto. Ndinatchula lemba limodzilimodzi, amayi akupumira m'khosi mwanga.

"Fakitale ya ku Mangalande imeneyo," anatero Che Jafali. "Mabatani ake ankabwera pa majasi a asilikali nthawi ya nkhondo ija ya ku Burma. Nkhondo itatha sanabwerenso. Batani ili ndi lakale kuposa mwanayu. A pajekete la amuna anu ndi a chaka chatha, ochokera ku Halale. Kumbuyo kwake n'chitini chokhachokha, lemba ayi."

"Ndiye si iwowo?"

"Si iwowo, mayi."

Ndinadumpha n'kuyamba kuwomba m'manja. Amayi ananditsina pamkono mpaka zikhadabo zinalowa. Ndinawacheukira ndi mkwiyo, misozi ili lengelenge, koma iwo sankayang'ana ine. Ankayang'ana dzanja la Che Jafali. Linkakoka kaulusi kakuda kamene kanatsalira m'kamphete kaja.

"Nanga mwalidziwa bwanji msanga chonchi, Che Jafali?" anafunsa amayi, mawu ali pansi.

"Mng'ono wanga, dalaivala uja, anabwera nalo jasi kuchokera kunkhondo. Litatha, mabatani ndinawasamutsira pajekete lake. Nayenso anamutenga." Anakweza kaulusi kaja. "Ulusi uwu ndi wanga."

Amayi anagwada pakhonde pomwepo, pafumbi, anthu akudutsa ndi njinga zawo. Sanadzuke mpaka Che Jafali atavundikira makina. Kwathu sitinabwerere tsiku limenelo. Tinawaperekeza kwawo, ndipo mipando tinakathandiza kutulutsa kumeneko.

Bambo anabwera patapita miyezi, ataonda, mabatani awo onse ali pompo. Mng'ono wa Che Jafali sanabwere.

Kutsinidwa kuja kunandiwawa kwa zaka, chifukwa sindinkaona chimene ndinalakwa pokondwera kuti bambo anga ali moyo. Lero ndine nkhalamba, ndipo ndikudziwa kuti amayi nawonso mtima wawo unkavina tsiku lija, koma anaugwira. Munthu anagwa ndithu pamsewu paja. Ndikamva kuti tsoka latilambalala, ndimayamba ndafunsa kuti lagogoda pakhomo la yani, manja anga ali m'chitenje.